Mwana wojambula ndi aphunzitsi a m'foni

Mwana wa zaka 13 akayamba kudzaza masamba akumbuyo a kope la masamu ndi nkhope za anthu, magalimoto ndi osewera mpira, pakhomo pamabuka mlandu. Bambo amawerengera mtengo wa kope, mayi amakumbutsa kuti mayeso ali pakhomo, ndipo chigamulo chimakhala chodziwika kale: "Zamasewerazi usiye." Mwana sasiya, amangosintha pobisa kope. Masiku ano amabwerekanso foni "kuti aone za kusukulu", n'kulemba pa YouTube timawu tachingerezi tofunsa kajambulidwe ka nkhope. Makolo ambiri sitidziwa zimene anawa akupeza kumeneko, ndipo anawo sadziwa chosankha pa zonse zimene zimawatulukira.

Sukulu zathu sizimufikitsa patali mwana wotere. Ku pulayimale kuli Expressive Arts, koma m'phunziro limodzi limenelo mwaunjikidwa kuimba, kuvina, masewera olimbitsa thupi, kusoka ndi kujambula komwe, mphunzitsi ali mmodzi, ana atadzaza mpaka pakhomo. Ku sekondale nako n'kosowa kupeza mphunzitsi wa zojambula. Ndiye mwana akathamangira ku foni tisamunene, wapita kumene kuli munthu woti amuyankhe.

Woyamba kumukopa nthawi zambiri amakhala Bob Ross, bambo wa tsitsi lalikulu lopotana ndi mawu ofatsa, amene ankaphunzitsa kupenta pa wailesi ya kanema ku America kuyambira 1983 mpaka 1994. Iye anamwalira mu 1995, koma mapulogalamu ake a The Joy of Painting ali pa YouTube mwaulere. Theka la ola lisanathe, pansalu yoyera pamera mapiri, nyanja ndi mitengo. N'zokoma kuonera, mtima umakhala pansi. Koma kuti utsatire zimene akuchitazo pamafunika penti wamafuta, maburashi amitundumitundu ndi nsalu yokhuthala yokokedwa pathabwa, zinthu zoti m'golosale ya ku Mponela kapena ku Luchenza simungazipeze, ndipo m'tauni mtengo wake ndi wobweza munthu pakhomo. Phunziro ndi laulere, zida zake si zaulere. Mwana amangoonerera, bandulo n'kutha, pepala likadali loyera.

N'chifukwa chake ine ndimayesa phunziro lililonse la pa intaneti ndi funso limodzi: kodi likumubweza mwanayu ku pepala, kapena likumusunga pa foni? Kuonerera mnzako akupalasa njinga chaka chathunthu sikukuletsa kugwa tsiku limene wakwerapo. Mavidiyo amene amachuluka kwambiri, aja othamangitsidwa, oti chithunzi cha maola khumi chimatha m'masekondi 30 nyimbo ikulira, ndiwo opanda phindu kuposa onse. Amaonetsa mapeto, amabisa ntchito. Mwana akayesa yekha n'kutuluka munthu wa khosi lopindika amaganiza kuti luso alibe.

Malo amene amakhoza mayeso angawa ndi Drawabox, tsamba la pa intaneti limene anayambitsa Irshad Karim. Silikongola, ndipo silinyengerera. Maphunziro ake ambiri ndi olembedwa, okhala ndi zithunzi, motero sadya bandulo ngati vidiyo. Phunziro loyamba ndi la mizere yowongoka, mizere yozungulira ndi mabokosi basi. Amaletsa pensulo ndi chofufutira. Akuti ujambule ndi inki kuti uziganiza usanakhudze pepala, ndipo cholakwika chikhale pomwepo uzichiona. Amati mzere wautali uchokere ku phewa, osati kuzala, ndipo dzanja liyambe layenda m'mwamba kangapo pamene mzere udzadutse lisanatsike. Ukatha pamenepo amakupatsa ntchito ya mabokosi 250, lililonse lopendekera kwake, kenako n'kutalikitsa mizere yake ndi rula kuti uone ngati ikukakumana pamene iyenera kukumana.

Mwana wa mchemwali wanga, wa Fomu 1, ndinamupeza ali pa ntchito imeneyi pa tebulo lodyera, ndi bolopeni wabuluu ndi mapepala olembedwa kale mbali imodzi amene amayi ake anabwera nawo kuchokera kuntchito. Chigongono chili m'mwamba, lilime lili panja, dzanja likuuluka pamwamba pa pepala kawiri katatu, kenako mzere n'kugwa kamodzi. Ndinamufunsa kuti mabokosi onsewa ndi a chiyani, poti iye amafuna kujambula anthu. Anatenga pepala lina n'kujambula bokosi lalitali, n'kulidula kutsogolo, n'kuikapo magudumu ndi mawindo. Inali minibasi, yooneka kuti ili ndi mbali, denga ndi kumbuyo, osati ija yafulati imene tonse tinkajambula tili ana. "Amalume, chilichonse ndi bokosi kapena mpira," anatero, n'kubwerera ku ntchito yake osandiyang'ananso. Tsamba la Drawabox lomwelo lili ndi lamulo lina limene ndimaligwirizana nalo kwambiri: theka la nthawi yako uzijambula zokusangalatsa, zopanda homuweki. Popanda lamulo limeneli mwana wa zaka 13 sangafike pa bokosi la 40.

Za nkhope ndi thupi la munthu, dzina lodalirika ndi Proko, tchanelo cha Stan Prokopenko. Ali ndi maphunziro ogulitsa, koma aulere pa YouTube ndi okwana kumutanganitsa mwana zaka. Zambiri za kajambulidwe ka mutu amazitenga kwa Andrew Loomis, wojambula wa ku America amene analemba Fun with a Pencil mu 1939 ndi Figure Drawing for All It's Worth mu 1943. Njira ya Loomis ndi yosavuta kuigwira. Umayamba ndi mpira, n'kuusenga m'mbali muwiri pamene pakhale makutu. Umazunguliza mzere wa nsidze, n'kutsitsa wina pakati pa nkhope. Kenako umagawa nkhope patatu mofanana: kuchokera pamene tsitsi layambira kufika pa nsidze, pa nsidze kufika pansi pa mphuno, pansi pa mphuno kufika ku chibwano. Mwana amadabwa kumva kuti maso ali pakati penipeni pa mutu, chifukwa aliyense wongoyamba amawakweza pamphumi n'kumudyera munthu chigaza. Zonsezi zimatheka ndi pensulo ya HB yomwe amalembera kusukulu.

Amene mtima wake uli pa makatuni oyenda angayang'ane Pixar in a Box pa Khan Academy. Aliponso mapulogalamu aulere ojambulira, Krita pa kompyuta ndi ibisPaint pa foni, koma ine ndinganene kuti adikire kaye. Chala pagalasi losweka la foni ya mayi sichingapose bolopeni.

Nkhani ya bandulo ili ndi nzeru zake. Vidiyo ukaitsitsa kufika pa 144p kuti usunge ndalama, mizere ya pensulo imasungunuka, umangoona dzanja likuyenda pa choyera; 360p ndi pamene zimayamba kuoneka. Aphunzitsiwa amalankhula Chingerezi chothamanga cha ku America, choncho mwana atsegule mawu olembedwa a m'munsi aja ndi kuchepetsa liwiro. Kuposa zonse, aimitse vidiyo pamene pali chofunika, atenge sikirinishoti, azimitse data, akagwire ntchito. Vidiyo imodzi ya mphindi khumi ndi yokwana sabata yathunthu.

Pali china chimene chimandiwawa ndikamatsegula makope a ana athu. Nkhope zonse ndi za anime: maso aakulu ngati mbale, mphuno kadontho, tsitsi losongoka logwera pamphumi. Ena amajambula azungu a m'mabuku a Loomis, a chibwano cha m'ma 1940. Kutengera si tchimo, wojambula aliyense anayamba n'kutengera. Koma palibe mphunzitsi wa pa YouTube amene adzamuuze mwana kuti ayang'ane mmene duku limakhalira pamutu pa agogo ake, mmene chitenje chimapindikira pamene pabelekedwa mwana, kapena mmene kuwala kwa dzuwa kumagwera pa khungu lakuda, pamphumi ndi pamasaya, kumene kumafuna kuti udetse pepala lonse n'kusiya powala pokha. Zimenezo azitenga pakhonde pakwawo. Njira ya mpira ndi mizere ija imagwira pa mutu wa munthu aliyense, bola mwana akumbutsidwe kuti agogo ali pomwepo, ndipo akamasankha nyemba sasuntha kwa theka la ola.

Komanso asaganize kuti kujambula kunabwera ndi intaneti. M'mapiri a Chongoni ku Dedza muli malo 127 a zojambula za pamiyala, zina za Akafula, zina za Achewa, amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Ku Mua kuli Kungoni, kumene Bambo Claude Boucher anayamba kusonkhanitsa ndi kuphunzitsa osema ndi ojambula mu 1976. Ndipo ambirife tinakula tikuseka Pewani wa Brian Hara m'nyuzipepala, munthu wa mizere yochepa koma womuzindikira uli patali.

Chimene phunziro laulere silingachite ndicho kuona pepala la mwana. Proko sadziwa kuti khutu lakwera kuposa nsidze. Pofuna woti amuuze, mwana amaika zojambula zake pa Facebook, TikTok kapena Instagram, ndipo apa kholo lisagone. Malo onsewa malamulo awo amati munthu akhale wa zaka 13 kupita m'tsogolo, koma zaka 13 si uchikulire. Pazithunzi pasaoneke yunifolomu, dzina la sukulu kapena pakhomo. Mlendo wolowa ku inibokosi ndi mawu okoma, wofuna kugula chithunzi koma ayambe watumiziridwa kandalama kapena chithunzi cha mwanayo, ameneyo auzidwe kwa akuluakulu tsiku lomwelo.

Diso lodalirika lili pafupi kuposa pamenepo. Pamsika uliwonse pali munthu wolemba zikwangwani, amene anajambula mitu ya pa babashopu ndi nkhuku ya pa lesitilanti. Ameneyo amadziwa kusakaniza penti, kuyeza zilembo kuti zikwane pakhoma, ndi kutchula mtengo kwa kasitomala, zimene pa YouTube sanena. Mupite naye mwanayo Loweruka, atenge kope lake, mukapemphe kuti aliyang'ane.