MWININYUMBA SI MLONDA WA M'MALIRE

Kuchokera ku Mangalande kukumveka madandaulo akuti eninyumba zochititsa lendi, pamodzi ndi maejenti amene amawapezera anthu, apanikizika ndi malamulo. Akuti boma lawamanga manja ndi miyendo, kotero kuti ntchito yobwereketsa nyumba yasanduka goli. Ambiri a ife, amene timadziwa kuwawa kwa lendi mwezi ukatha, tikamva zotere timangoti zawo izo. Ine ndikuti tisafulumire. Malamulowa ali pawiri, ndipo amene amawathira m'dengu limodzi akusokoneza mlandu. Ambiri ndi abwino, ndipo eninyumba angowapirira. Koma pali limodzi loipa kotheratu, ndipo pa limeneli ndikuima ndi mwininyumba, ngakhale kuti si bwenzi langa.

Tiyambe ndi abwinowo. Malamulo a 1998 amati mwininyumba ayenera kuyezetsa zipangizo za gasi chaka chilichonse. Kuyambira 2007 ndalama ya chikole imene munthu amapereka polowa m'nyumba iyenera kutetezedwa ndi bungwe lovomerezeka ndi boma, ndipo mwininyumba wonyalanyaza zimenezi bwalo likhoza kumulipitsa mpaka katatu kuchuluka kwa chikolecho. Lamulo la 2019, lotchedwa Tenant Fees Act, lidaletsa maejenti kulipiritsa wofuna nyumba ndalama za mapepala, ndipo lidati pa nyumba zambiri chikole chisapyole lendi ya milungu isanu. M'chaka cha 2025 nyumba ya malamulo idavomereza Renters' Rights Act, lamulo lothetsa Section 21, ndime ya lamulo la 1988 imene idapatsa mwininyumba mphamvu yotulutsa munthu m'nyumba popanda kupereka chifukwa.

Malamulo amenewa sadagwe kumwamba ngati matalala. Anthu a kumeneko akukumbukirabe Peter Rachman, amene m'zaka za m'ma 1950 ankagula nyumba ku Notting Hill mu London, kuzunza okhalamo mpaka atathawa, kenaka n'kuunjikamo anthu akuda ochokera ku West Indies pa lendi yoboola m'thumba. Dzina lake lidasanduka liwu lotanthauza nkhanza za eninyumba. Tsono munthu akamalira kuti wauzidwa kuyezetsa gasi kuti mwana wa mnzake asafere ku tulo, ine misozi ndilibe. Amene akudyera m'denga la nyumba asamalire dengalo.

Lamulo loipalo amalitcha Right to Rent, ndipo lidachokera mu Immigration Act ya 2014, pamene Theresa May adali nduna yoona za m'dziko. Adayamba kuliyesera ku Birmingham ndi mizinda yoyandikana nayo mu December 2014, ndipo pa 1 February 2016 lidafalikira mu England monse. Ku Scotland, Wales ndi Northern Ireland silidakhazikitsidwe. Lamuloli likuti mwininyumba, asanapereke kiyi, aone mapepala a munthu wamkulu aliyense wodzakhala m'nyumbamo ndi kutsimikiza kuti ali ndi chilolezo chokhalira m'dzikomo. Ngati chilolezocho chili cha kanthawi, monga cha wophunzira, adzaonenso pambuyo pake, ndipo akapeza kuti chidatha akamuneneze ku boma. Poyamba chindapusa chidali chosapitirira mapaundi 3,000 pa munthu mmodzi. Kuyambira February 2024 chidafika mapaundi 10,000 pa kulakwa koyamba ndi 20,000 pa kubwereza. Lamulo linanso la 2016 lidaonjezerapo ndende ya zaka mpaka zisanu kwa mwininyumba wosunga munthu wotere akudziwa.

Tsopano dziyeseni kuti ndinu mayi wopuma pa ntchito amene muli ndi kanyumba kamodzi kochititsa lendi. Pakhomo pafika anthu awiri. Wina dzina lake ndi la konko, kalankhulidwe n'ka konko, ndipo watulutsa pasipoti ya Britain. Wina ndi wa khungu ngati langali, dzina lake likukuvutani kutchula, ndipo akuti chilolezo chake mukachione pa intaneti. Onse awiri ali ndi ufulu wokhala m'dzikomo, onse awiri lendi akwanitsa. Kodi kiyi mupatsa yani? Simufunika kukhala ndi mtima wa tsankho kuti musankhe woyambayo. Mantha okha akwanira. Apa ndiye pagona kuipa kwa lamuloli: limatenga munthu wamba wopanda chidani, n'kumuphunzitsa kuti nkhope yachilendo ndi ngozi pa chuma chake.

Ejenti ndiye amakulitsa bala. Lamulo limalola mwininyumba kusenzetsa ejenti udindowu mwa pangano lolembedwa. Mayi uja ali ndi nyumba imodzi, koma ejenti amayang'anira nyumba zambirimbiri, ndipo mantha ake amasanduka chizolowezi cha ofesi yonse. Kalaliki sadzakuuzani kuti takukanani chifukwa cha dzina lanu. Adzangoti pepani, nyumba ija yapita. Mukasumire yani, ndipo umboni wake ukhala uti?

Wina anena kuti tsankho n'loletsedwa kale. Zoona: kuyambira 1968 malamulo a Britain amaletsa kumana munthu nyumba chifukwa cha khungu kapena mtundu wake, ndipo Equality Act ya 2010 ikunenanso chimodzimodzi. Koma malamulo awiriwa mano awo si ofanana. Ukalakwira la boma, boma lenilenilo limakulondola ndi chindapusa. Ukalakwira la mlendo, ayenera kukusumira ndi mlendoyo, munthu amene usiku umenewo sakudziwa kogona. Mwininyumba aliyense wodziwa kuwerengera aona yekha galu amene amaluma.

Izi si nkhambakamwa za mwana wa sukulu. Bungwe loimira alendo, Joint Council for the Welfare of Immigrants, lidatengera boma ku bwalo, ndipo bungwe la eninyumba, Residential Landlords Association, lidaima mbali yomweyo. Mu March 2019 woweruza Martin Spencer wa ku High Court adagamula kuti lamuloli limachititsa tsankho ndipo likutsutsana ndi ufulu wachibadwidwe. Boma lidachita apilo, ndipo mu April 2020 Court of Appeal idagwetsa chigamulocho. Komatu oweruzawo sadakane kuti eninyumba ena amasankha anthu chifukwa cha lamuloli. Adangoona kuti cholinga cha boma n'chokwanira kulilungamitsa. Kunena kwina, bala adaliona, koma adati wovulalayo apirire. Ndi ulemu wonse kwa anthu ophunzira kundiposa, ine ndikukana. Kuyeza ululu wa mnzako pa sikelo n'kosavuta pamene iwe ukagona m'nyumba yakoyako.

Tidaonanso kumene maganizo otere amafikitsa. Mu 1948 sitima ya Empire Windrush idakocheza ku Tilbury ndi anthu ochokera ku West Indies, ndipo ambiri adatsatira pambuyo pawo. Lamulo la 1971 lidawapatsa ufulu wokhala m'dzikomo mpaka kalekale, koma ambiri sadapatsidwe pepala lotsimikizira, ndipo mu 2010 boma lidaononga makadi osonyeza tsiku limene adafika. Malamulo ofunsa mapepala atabwera, nkhalamba zimene zidakulira konko, kugwira ntchito konko ndi kukhoma msonkho konko zidachotsedwa ntchito, zidataya nyumba, zidamanidwa chithandizo cha kuchipatala, ndipo zina zidathamangitsidwa m'dzikomo. Nkhaniyi itaphulika mu 2018 nduna Amber Rudd adatula pansi udindo. Koma Right to Rent idatsala chilili, ndipo lamulo la 2025 lija, ndi zabwino zake zonse, silidaichotse. Ngakhale mbadwa zenizeni sizili pabwino: kalembera wa 2021 adapeza kuti anthu pafupifupi 8 miliyoni mu England ndi Wales alibe pasipoti.

Ndikudziwa chimene anzanga a za malamulo andiyankhe, kuti dziko lililonse lili ndi ufulu wolondera malire ake. Sindikutsutsa. Koma malire ali pa bwalo la ndege ndi pa doko, ndipo boma lili ndi antchito ake ophunzitsidwa, olipidwa, amene akalakwa amafunsidwa. Ena ati masiku ano n'zosavuta, poti zonse zili pa kompyuta. Kompyuta imafulumizitsa kufufuza, koma siichotsa mantha a chindapusa, ndipo munthu wamantha amasankha njira yachidule. Boma likalephera ntchito yake lisaitule pa khomo la munthu wamba n'kumuopseza ndi ndende.

Nanga ife zikutikhudza bwanji? Agogo athu amene adapita ku Salisbury ndi ku Joni amadziwa tanthauzo la kuyenda ndi chitupa m'thumba, ndi kufunsidwa pepala usanafunsidwe dzina. Lero abale athu ali ku Leeds, ku Manchester ndi ku Nottingham, ena akuphunzira, ena akusamalira odwala. Ena mwa aphunzitsi athu adatenga madigiri awo komweko, ndipo ena mwa ife tikulota zopitako. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Choposa apo, pasukulu pano pakutuluka maloya ndi akuluakulu a boma a mawa, amene tsiku lina adzalemba malamulo a nyumba za lendi kuno kwathu. Ndikuwapempha kuti pa lamulo lililonse adzayambe afunsa funso limodzi: kodi likumanga mwininyumba kuti ateteze wokhala m'nyumba, kapena likumugwiritsa ntchito kuti amusake? Loyambalo alilembe molimba, ndipo eninyumba akalira asawamvere chisoni. Lachiwirilo aling'ambe lisanafike ku nyumba ya malamulo.