Maca Yafika mu Komboni: Kasupuni Kamodzi Kakwana, Osati Mulu

Mukatsegula Facebook olo TikTok masiku ano, simungaphonye maca. Uyu agulitsa ya ufa, uja ali na makapisozi, wina ali na khofi yamene akuti muli maca mkati. Mu town, mu masaluni na mu magym a mu komboni nkhani ni imodzi. Anyamata auzidwa ati izabweza mphamvu za mu bedi. Atsikana auzidwa ati mahipu na matako azabwela mu masabata awili cabe. Ndipo wogulitsa akafuna kuti botolo isile msanga mukagule ina, amakamba mau amene tonse tinawamvapo: "Onjezelani cabe, ni ya natural, siipweteka."

Imani pamenepo, abale. Fodya nayenso ni wa natural. Cinangwa cowawa ni ca natural, koma mukacidya cosaviika, muzagona ku cipatala. Cinthu kumela mu nthaka sikutanthauza kuti mungadye mulimonse mmene mufunila. Manje sabata ino tiyeni tikambe za muyeso: maca yokwana ni yoculuka bwanji, ndipo cimacitika n'ciani mukapitilila?

Maca ni ciani maka-maka?

Ni muzu wocokela ku Peru, ku South America. Umamela pamwamba pa mapili a Andes, ku madela a Junín na Pasco, pamalo okwela mamita 4,000 olo kupitilila. Kuti mumvetse, Lusaka yathu ili pa mamita pafupifupi 1,300 cabe. Kumeneko kumazizila kwambili cakuti mbeu zambili zimakana, koma maca imapilila. Ni mbale wake wa kabichi, repu na mpilu. Muzu wake ni wozungulila monga kambatata kang'ono, ndipo ulipo wa yelo, wofiila na wakuda.

Kwa anthu a kumeneko, maca ni cakudya. Amaiyanika pa dzuwa kwa masabata, ikauma amaiwilitsa, n'kupanga phala olo cakumwa. Yaiwisi samaikonda, amati imavuta mu mimba. Munthu wa ku mapili amenewo angadye magalamu 20 pa tsiku olo kupitilila.

Apa ndiye pamene ogulitsa ena amakugwilani. Ati, "Ku Peru amadya maningi, nanga imwe muopa ciani?" Koma onani kusiyana. Iwo amadya yophika, yocokela mu munda mwao, ndipo akula nayo kuyambila ali ana. Imwe muli na ufa wa mu pepala losalembedwa, olo kapisozi yamene simudziwa kumene inapangidwila. Izi si zofanana.

Muyeso wake ni uti?

Ofufuza ambili amene anayesa maca pa anthu anaseŵenzetsa magalamu 1.5 mpaka 3 pa tsiku, kwa miyezi itatu olo inayi. Pa muyeso umenewu anthu ambili sanaone vuto lalikulu. Sungani nambala imeneyi mu mutu: 3. Ndiye malile.

Mu 2002, dokotala Gustavo Gonzales na anzake a pa yunivesiti ya Cayetano Heredia ku Lima anafalitsa zimene anapeza atapatsa amuna magalamu 1.5 olo 3 pa tsiku kwa masabata 12. Amuna amenewa anakamba kuti cilakolako cao cinakwelako, koma cinayamba kuonekela pa sabata ya namba 8. Mvelani bwino: masabata 8, osati maola awili. Cina, testosterone mu magazi mwao siinasinthe. So amene amakuuzani kuti maca ikweza mahomoni a cimuna akunamizani. Mu 2010, ofufuza ena anasonkhanitsa mayeso anayi amene analipo pa nkhani ya maca na za mu bedi. Anapeza kuti umboni ulipo koma ni wocepa, cifukwa anthu amene anayesedwa anali ocepa.

Manje magalamu atatu aoneka bwanji mu kichini? Ni kasupuni ka tiyi kamodzi kosalaza pamwamba. Osati supuni yopakulila relish, osati kasupuni kokhala na culu pamwamba. Ngati ni poyamba, yambani na hafu ya kasupuni kwa sabata yathunthu, muone mmene thupi icitila. Imwani m'mawa, pamodzi na cakudya, mu phala olo mu tiyi ya mkaka.

Ngati muli na makapisozi, ŵelengani pa botolo. Ambili amakhala a 500 mg. Popeza 1,000 mg ni galamu imodzi, makapisozi atatu ni magalamu 1.5, ndipo 6 ni magalamu 3. Koma cenjelani na botolo yolembedwa "extract" olo manambala monga 10:1. Iyo ni yokhuthala, anaifinya kucokela ku mizu yambili, so kapisozi imodzi ingakhale na mphamvu kupambana kasupuni. Pamenepo tsatilani zolembedwa pa botolo, osaonjezela. Mukaona mau akuti "gelatinized", ndiye kuti anaitenthetsa n'kucotsako sitachi, ndipo imeneyi imavutako pang'ono mu mimba kusiyana na yaiwisi.

Ŵelengelani zonse pamodzi. Ngati m'mawa mwamwa khofi ya maca, masana makapisozi, madzulo ufa mu shake ya ku gym, mwapitilila kale olo kuti ciliconse munamwa pang'ono. Ndipo miyezi itatu ikakwana, pumulani. Ngati palibe cimene casintha, lekani. Kuonjezela masupuni sikuzasintha zinthu, kuzangosiliza ndalama zanu za relish.

Mukapitilila cimacitika n'ciani?

Coyamba kudandaula ni mimba. Kutupa, mpweya, kupotokola, ena mpaka kutsegula m'mimba. Ganizilani muli mu minibasi ya ku Chawama nthawi ya jam, olo muli pa shift ya usiku pa geti, mimba n'kuyamba nkhondo. Ena mutu umaŵaŵa. Ena tulo timathaŵa, maka-maka akamwa madzulo, mtima umathamanga, munthu amangokhala wosakhazikika monga wamwa makapu asanu a khofi. Mukaphatikiza na ma energy drink, ndiye mwathila petulo pa mbaula.

Palinso nkhani ya BP. Kafukufuku wina waung'ono wa ku Czech Republic wa mu 2008 anapeza kuti mwa anthu amene anali kale na vuto la kunenepa, shuga na mafuta mu magazi, maca inakwezako BP pang'ono pambuyo pa masiku 90. Ni kafukufuku mmodzi, koma ngati muli pa mapilisi a BP, ni cifukwa cokwana cofunsila ku kiliniki musanayambe.

Amene afunika kuitalikila

Azimai a pakati na oyamwitsa, isiyeni. Siinayesedwe mokwana pa anthu a pakati, ndipo mwana wanu si woyeselapo zinthu.

Amene muli na vuto la cithokomilo, kaja kotupitsa pakhosi, samalani. Monga abale ake a kabichi, maca ili na zinthu zimene zingasokoneze mmene cithokomilo ciseŵenzetsela ayodini, uja amaika mu mcele. Vuto imakula ngati ni yaiwisi ndipo mukumwa yambili.

Asisi amene muli na mafibroid, endometriosis, olo munadwalapo khansa ya bele kapena ya cibelekelo, madokotala amalangiza kuti musaigwile popanda kufunsa, cifukwa matenda amenewa amayendela mahomoni.

Amene muli pa ma ARV, mankhwala a TB, a shuga olo a mtima, nyamulani botolo mukaonetse ba nurse kapena ba pharmacist. Musacite manyazi, aona zambili kupambana izi. Ndipo osaleka mankhwala a ku cipatala cifukwa ca ufa wa pa intaneti. Ana a sukulu naonso alibe nayo nchito.

Coopsa kwambili ni cimene sicinalembedwe

Zoona zake, maca yeniyeni pa muyeso wabwino siyoopsa kwa munthu wa thanzi. Coopsa ni zimene ena amasakanizamo. Kumbukilani mu 2019, pamene cakumwa cina ca energy copangidwa ku Ndola cinaletsedwa. Pa botolo panalembedwa kuti ni ca natural, koma atacipima anapezamo sildenafil, mankhwala amene ali mu Viagra. Nkhani inayambila ku Uganda, kumene mwamuna wina anadandaula kuti thupi inakana kugona kwa maola ambili. Ku America nakonso, bungwe la FDA lakhala likucenjeza za makhofi, uci na mapilisi a "herbal" amene apezeka na sildenafil wobisika.

So ba mudala, nayi njila yosavuta yodziŵila. Maca yeniyeni imatenga masabata. Ngati mwamwa kasacheti ndipo mu mphindi 30 zinthu zaimilila, nkhope yatentha, mphuno zatsekeka, mutu ukugunda, maso aona monga buluu, iyo si nchito ya muzu wa ku Peru. Muli cina mkati. Ndipo sildenafil ikakumana na mankhwala a mtima a mtundu wa nitrate, BP imagwa mwadzidzidzi, munthu angafe. Coipa n'cakuti simudziŵa kuti aikamo yoculuka bwanji. Ngati mwamuna waima kupitilila maola anayi, thamangilani ku cipatala usiku womwewo. Mukacedwa cifukwa ca manyazi, mungaononge cinthu cimene munali kufuna kukonza.

Cinanso, ngati mphamvu za mu bedi zacepa kwa miyezi, nthawi zambili thupi ikukuuzani zina: shuga, BP, moŵa wambili, fodya, kusagona, nkhawa za lendi na nkhongole. Kukapimitsa BP na shuga pa kiliniki ya mu komboni kungakuthandizeni kupambana botolo khumi za ufa.

Nanga ya mahipu na matako?

Asisi, apa tikambe cilungamo. Palibe kafukufuku amene anaonetsa kuti maca imasankha malo opeleka mafuta. Kumene thupi yanu imasunga mafuta munatengela kwa amai na ambuye anu. Zithunzi za "before na after" zimapangidwa na kaimidwe, tight na filter. Ngati cinthu cakunenepetsani mu masabata awili, funsani kuti muli ciani. Mankhwala onenepetsa a mu msewu monga Apetamin ali na cyproheptadine, yamene imakulitsa njala, imagonetsa tulo ndipo ingavulaze ciŵindi. Ena amamwa dexamethasone, yamene imatupitsa nkhope na mimba, imakweza shuga na BP, n'kufooketsa citetezo ca thupi. Uko si kukongola, ni kudwala kovala bwino. Cimene cimakulitsa minofu ya kumbuyo ni masquat na cakudya: nyemba, kapenta, mazila, nshawa, soya. Ni yocedwa njila imeneyi, koma siizakupelekani ku UTH.

Pogula, yang'anani izi

Botolo olo paketi ikhale yotseka, yolembedwa dzina la opanga, dziko locokela, tsiku lothela nchito na mamiligalamu. Ufa wopimidwa mu kapulasitiki kopanda dzina usiyeni, olo wogulitsa ni mnzanu wa ku chalichi. Mizu imakoka zimene zili mu nthaka, ndipo madela ena a ku Peru kumene maca imalimidwa ali pafupi na migodi. Ise a mu Zambia nkhani ya lead ku Kabwe timaidziŵa, so kufunsa kumene cinthu cinacokela si kuvuta, ni nzelu. Gulani ku chemist yovomelezeka, ndipo cinthu cikakucitani zacilendo, lekani kumwa, sungani botolo, mukauze a ku kiliniki. Bungwe la ZAMRA, loyang'anila mankhwala mu dziko muno, limalandila madandaulo otele.

Wogulitsa akakamba kuti cinthu cimodzi cicilitsa kusabeleka, shuga, matako na mphamvu zonse pamodzi, gwilani cikwama canu mwamphamvu. Iye ali pa nchito yake, ndipo mukadwala sazabwela na cakudya ku ward.

Mwacidule: hafu ya kasupuni poyamba, kasupuni kamodzi kosalaza ndiye malile, m'mawa na cakudya, miyezi itatu n'kupumula. Mimba, tulo olo mtima zikadandaula, lekani. Uzankoni mnzanu wa ku gym na uja wa ku saluni. Tionana sabata ya mawa.