AYEZI WA NSOMBA SI WA M'TAMBULA!

Eni mabala ndi malo ogona alendo ku Senga Bay, Cape Maclear, Nkhata Bay ndi kwina konse m'mbali mwa nyanja, tamverani kuno. Mwaphunzira kusakaniza ma cocktail, mwagula Malawi Gin, toniki ndi mandimu. Zabwino. Nanga bwanji ena mwa inu ayezi mukukatenga komwe amagula ogulitsa chambo?

Ife ana a asodzi chibuloko chija timachidziwa. Ntchito yake n'kuteteza nsomba kuti zifike ku Lilongwe zisanawole, basi. Chimakokedwa pamchenga, chimakulungidwa m'thumba, chimagona mu cooler box yonunkha utaka. Madzi ake anatungidwa kuti? Wogula safunsa. Ndiye inu n'kuchiswa ndi mpeni n'kuponyera kasitomala m'tambula. Ayi ndithu, abale, kumeneko n'kusewera ndi moyo wa munthu!

Musanamizane kuti kuzizira kumapha tizilombo. Tambiri timangogona, ayezi akasungunuka tadzuka. Musatinso mowa uzitsuka zonse: jini wothira toniki alibe mphamvu imeneyo. Kodi mwaiwala kale kolera ya 2022 mpaka 2023, yomwe inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno? Maboma a kunyanja tinalira maliro ambiri.

Lamulo loyamba: ayezi wakumwa apangidwe ndi madzi owiritsa kapena othira klorini, m'chiwiya chakechake chovundikira, kutali ndi nsomba ndi nyama. Potenga gwiritsani chopanira, osati dzanja lomwe langowerenga ndalama. Magetsi akazima ayezi n'kusungunuka, tayani, osaundanitsanso.

Lachiwiri, kukula kwake. Wisiki kapena burande amafuna chidutswa chimodzi chachikulu, chifukwa chimasungunuka pang'onopang'ono. Jini ndi toniki, dzazani tambula ndi zidutswa zolimba mpaka pamwamba. Kuumira ayezi n'kudzipusitsa: tizidutswa tiwiri pa dzuwa la Okutobala timatha msanga, munthu n'kumamwa madzi ofunda. Ayezi wophwanyaphwanya musiyireni mojito.

Mudzati zimenezi n'zodula. Zodula n'ziti, kuwiritsa ndowa imodzi ya madzi kapena mlendo kutsegula m'mimba n'kukalemba pa intaneti kuti kunyanja kuno n'kwauve? Alendo akathawa, amayi ogulitsa nsomba, anyamata a maboti ndi osema ziboliboli onse agona ndi njala.

Inunso akumwa, musachite manyazi. Funsani: "Achimwene, ayeziyu wachokera kuti?" Akayamba chibwibwi, imwani chopanda ayezi.

Tumizani kumagulu onse, mpaka aimve eni ake.