Mamilimita awiri si masewera

Abale anga, lero ndakwiya. Mwezi watha ndinalipira mmisiri wina m'tauni kuti andisemere maspesa anayi a aluminiyamu, oika pakati pa limu ndi habu ya Hilux yanga, kuti matayala aakulu a m'matope asamakhule mkati pokhota. Muyezo ndinamulembera papepala: mabowo 6 a mabawuti pa bwalo la mamilimita 139.7, bowo lapakati 106.1.

Nditawamanga, chiwongolero chinayamba kunjenjemera ndikafika pa 80. Kuyeza bowo lapakati, 108! Kubwerera kwa bamboyo, akuti: "Aphunzitsi, mamilimita awiri okhawa? Zikhazikika zokha mukamayenda." Ndalama akukana kubweza.

Zikhazikika bwanji? Chitsulo si nsapato yoti imazolowera phazi. Bowo likakula, spesa sikhala pakatikati pa habu, gudumu limazungulira modumphadumpha, manati n'kumamasuka. Tsiku lina gudumu lidzanditsogolera lokha, ana anga ali kumbuyo.

Wophunzira wanga akalemba 108 pomwe yankho ndi 106, ndimathetha. Nanga mmisiri timulekerere chifukwa chiyani? Eni magalimoto anzanga, muzipita ndi choyezera chanu, muziyeza musanalipire. Mawu oti "bola zalowa" adzatipha.