Wolera Mwana Sadikira Malipiro

Pakati pa okonda anime, makanema ojambula pamanja a ku Japan aja, pali mkangano umene sukutha, ndipo nanenso ndafuna kuikapo mlomo. Nkhani yake ndi ya Usagi Drop. Ena amati kanemayu ali ngati nsima yophulidwa isanapse, chifukwa anasiyira panjira nthano imene Yumi Unita anajambula m'mabuku a zithunzi otchedwa manga. Ine ndikuti a Production I.G, amene anakonza kanemayu, anaima pamalo poyenera, ndipo amene anasochera ndi mwini nthano.

Kwa amene simunaonere, nkhani ili motere. Daikichi Kawachi, mwamuna wosakwatira wa zaka 30, apita kumaliro a agogo ake aamuna ndipo apezako kamtsikana ka zaka 6 dzina lake Rin, kamene anthu akuti nkhalambayo inabereka kumbali. Mayi wake sakuoneka. Achibale ayamba kukankhirana mwanayo, aliyense ndi chifukwa chake, mpaka kuganiza zokamsiya kumalo osungirako ana. Daikichi apsa mtima, namtenga Rin kupita naye kwawo. Tikawerengera ubale monga tiwerengera ife, Rin ndi mayi wake wamng'ono wa Daikichi, popeza ndi mng'ono wa amayi ake.

Kanemayu anaonetsedwa pa Fuji TV m'chaka cha 2011 ndipo ali ndi zigawo 11. Mulibe nkhondo, mulibe mfiti. Muli munthu wamkulu akufunafuna sukulu ya mkaka, akuthamangira sitima m'mawa, nathamanganso madzulo kuti mwana asatsale yekha anzake onse atatengedwa. Rin akodza pogona, ndipo Daikichi, m'malo momkalipira, azindikira kuti mwanayo akuopa imfa. Asiya fodya. Apempha mabwana ake kuti amchotse ku gawo la zamalonda ndi kumpititsa kosungira katundu, kumene angamaweruke nthawi yabwino, ngakhale kutero ndi kutsika paudindo. Rin adwala malungo a chimfine, Daikichi asowa pogwira.

Mphamvu ya kanemayu ili pakuti ntchito yonseyi palibe amene akuilipira, ndipo Daikichi sakhala ngwazi. Pang'onopang'ono aona kuti zimene iye akuziyesa zachilendo akazi akhala akuzichita popanda wowaombera m'manja: Gotou, mnzake wa kuntchito amene anayamba kale kutsika paudindo chifukwa cha mwana, Yukari Nitani, amene akulera yekha mwana wake wopulupudza Kouki, ndi amayi ake enieni a Daikichi. Funso limene limvutitsa ndi lakuti, kodi kulera mwana ndi kutaya moyo wako? Kanemayu sayankha ndi ulaliki. Angotionetsa munthu amene masiku ake adzaza, ndipo sakudandaula.

Tsono bwerani ku mabuku. Unita anasindikiza nthanoyi m'magazini ya Feel Young kuyambira 2005 mpaka 2011. Pakati pake adumpha zaka 10. Rin tsopano ndi namwali wa kusekondale, ndipo tiuzidwa kuti mtima wake uli pa Daikichi, osati monga mwana akonda womlera koma monga mkazi akonda mwamuna. Pofuna kuchotsa chopinga, mlembi atulutsa chinsinsi chakuti Rin sanali mwana wobereka wa agogo aja. Daikichi amuuza adikire zaka 2 kuti amalize sukulu, ndipo nthano ithera pakuti awiriwa akhala banja.

Oteteza mathero amenewa ali ndi mfundo zitatu. Yoyamba ndi yakuti palibe ubale wa magazi. Koma abale anga, gawo lonse loyamba linalembedwa kutiphunzitsa kuti ubale si magazi okha. Amene anayesedwa a magazi amodzi ndi Rin ndiwo anamkana pamaliro paja. Daikichi anakhala kholo chifukwa chochapa zofunda zonyowa usiku ndi kupesa tsitsi m'mawa. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mlembi sangatiuze kwa theka la nthano kuti kulera ndiko kumanga ubale, kenaka pamene zamkomera natembenuka kuti poti magazi ngosiyana, msewu ngotsegula.

Yachiwiri ndi yakuti Rin sanamuitanepo Daikichi kuti bambo, ndipo anakana kulembedwa ngati mwana wake. Nzoona. Koma anakana chifukwa anali atangotaya amene ankamdziwa kuti ndiye bambo wake, ndipo sanafune kuti wina alowe m'malo mwake. Kutenga chisoni cha mwana wa zaka 6 ndi kuchisandutsa chilolezo cha ukwati ndi chinyengo.

Yachitatu ndi ija timaikonda ife alembi, yakuti nthano ndi ya mwini wake, aithetse mmene afunira. Ufuluwo palibe akumlanda Unita. Koma mathero sakhala paokha. Amabwerera m'mbuyo ndi kudetsa kapena kuyeretsa zonse zimene zapita. Mukadziwa kuti awiriwa adzakwatirana, bwererani pamene Daikichi akumgwira dzanja Rin popita kusukulu, muone ngati maso anu sayamba kukayika. Munthu amene tinamlemekeza chifukwa sanadikire kanthu walandira malipiro, ndipo malipirowo ndi mwana yemweyo. Rin nayenso waberedwa. Anali ndi nyumba imodzi yokha imene ankakondedwamo popanda mangawa, ndipo mlembi waisandutsa nyumba ya ukwati.

Ndiponso taonani ulesi wake. Mlembi anali ndi zaka zonse za unamwali wa Rin m'manja mwake, zaka zimene wolera aliyense amaphunzira chinthu chovuta koposa, ndicho kumasula dzanja kuti mwana apite. Imeneyo ndiyo nthano imene inatsala, koma anaileka nathamangira ukwati, ngati kuti mwamuna ndi mkazi sangakhale m'nyumba imodzi pa chifukwa china.

Kanema uja athera pamene mano a Rin ayamba kuguluka, Daikichi akuyang'ana m'mbuyo chaka chimene akhala limodzi. Mawa lake adzadzukanso kuphika ndi kumperekeza kusukulu. Amene akuti nkhaniyi siinathe atiuze chimene chikusowapo.