Tileke Kupota Mawaya ndi Manja

Dandaulo limene timalimva kawirikawiri kwa alimi anzathu ndi lakuti pampu ya sola yaima pakati pa dzuwa la Okutobala, matimati akufota, ndipo wolakwa ndi batire. Koma nthawi zambiri vuto limakhala pamalo aang'ono ngati chala, pamene mawaya awiri anapotedwa ndi manja n'kukulungidwa ndi tepi yakuda. Ife tikuti mchitidwe umenewu uthe pakati pathu.

Chipangizo cha ma watt 120 chikalumikizidwa ku batire ya 12V chimakoka ma amp 10, pamene pa magetsi a m'nyumba a 230V chingakoke pafupifupi theka la amp basi. Magetsi ochuluka chonchi akamadutsa pa mfundo yosagwira bwino, malowo amatentha. Tepi imamatuka, chinyezi chimalowa, mkuwa umachita dzimbiri, ndipo kutentha kumakulirakulira. M'khola la anapiye, momwe pansi pali utuchi wouma, mapeto ake angakhale moto.

Njira yodalirika ndi kulowetsa mawaya m'kachubu kachitsulo kolumikizira n'kukapana. Mtundu wa kachubu umasonyeza kukula kwa waya: kofiira ndi ka 0.5 mpaka 1.5 mm², kabuluu ka 1.5 mpaka 2.5, kachikasu ka 4 mpaka 6. Chopanira, chimene m'masitolo amati crimping tool, tisankhe chija chokhala ndi mano chosatseguka mpaka titafinya kufika kumapeto. Pulayala wamba amangophwanya kachubu osagwira tiulusi tonse ta waya. Tikapana tikoke mwamphamvu. Waya akasololoka, tidule n'kuyambiranso. Mfundo yokhala panja tiiveke kachubu kapulasitiki ka guluu m'kati, kamene kamakhwinyata kakatenthedwa. Mfundo yomira m'chitsime imafuna zomatira zake zosalowa madzi. Ndipo tisalumikize mkuwa ndi aluminiyamu mwachindunji, pakuti zimadyana.

Ena anena kuti chopanira chabwino n'chodula. N'zoona, koma sichiposa mtengo wa anapiye 100 kapena dimba lathunthu la matimati. Komanso mlimi sachifuna tsiku lililonse. Mutu umodzi susenza denga: gulu lililonse la alimi lisonkhe ndalama, ligule chimodzi, mlembi azisunga ndi kulemba obwereka.

Za mawaya a ZESCO tisiyire amisiri ovomerezeka. Koma mfundo za pa sola yathu ndi udindo wathu. Tiziyendere sabata ino, chilimwe chisanafike pachimake.