Konzani chithunzi, koma khungu musatisinthe

Nyengo ya maukwati ikafika, masamba a Facebook ndi WhatsApp amadzaza ndi zithunzi za akwati. Zambiri zimakhala zokongola ndithu. Koma zilipo zina zoti ukaziona umayamba wadzifunsa ngati mkwatibwiyo ndi yemwe uja umamudziwa. Nkhope yasalala ngati ya chidole, khungu layera mbee, timizere tonse ta kumwetulira tafufutidwa.

Ena akaona zotere amati kukonza chithunzi pa kompyuta ndi bodza basi, chithunzi chizisiyidwa momwe chatulukira m'kamera. Apa ine sindigwirizana nawo. Kamera siona ngati diso la munthu. Mukajambula munthu ataima padzuwa la masana, mwina nkhope imada kwambiri, apo ayi thambo limangoyera osaoneka mtambo. Diso lathu limaona zonse ziwiri bwinobwino, ndipo ndi ntchito ya wojambula kubwezeretsa zomwe makina aphonya.

Luso limeneli silinabwere ndi Photoshop. Mu 1941, katswiri wina wa ku America, Ansel Adams, adajambula mwezi ukutuluka pamwamba pa mudzi wa Hernandez ku New Mexico, dzuwa lolowa likuwalitsa mitanda yoyera ya kumanda. Pa filimu imodzi yomweyo adatsukapo zithunzi zoposa 1,300 m'moyo wake. Pa zoyambirira thambo lidali lotuwa, mitambo ikuoneka. Zaka zikupita ankalidetsa thambolo potsuka mpaka lidada bii, mwezi ndi mitanda n'kumawala ngati nyali. Sadaonjezepo mwezi wina, sadasunthe mtanda ngakhale umodzi. Adangosankha pamene akufuna kuti maso a woona agwere. Kumeneku ndiye kukhala ndi diso.

Komabe diso lili ndi malire ake. Mu 2003, pa nkhondo ya ku Iraq, wojambula wa nyuzipepala ya Los Angeles Times, Brian Walski, adalumikiza zithunzi ziwiri za msilikali wa ku Britain ndi bambo wonyamula mwana kuti zipange chimodzi chogwira mtima. Chidaoneka bwino, koma mphindi yomwe chinkaonetsayo sidachitike. Ntchito idamuthera pomwepo. Mu 1994, magazini ya Time idadetsa chithunzi cha O.J. Simpson chomwe apolisi adajambula atamumanga, pomwe ya Newsweek idasindikiza chomwecho osachigwira. Anthu ataika magazini awiriwo pamodzi adakwiya, ponena kuti kudetsako kudamuonetsa ngati munthu woopsa. Apa chachikulu chomwe adasintha ndi kuwala, koma uthenga udasintha.

Choncho funso loyenera kufunsa si lakuti chithunzi chakonzedwa kapena ayi. Tizifunsa kuti wokonzayo amafuna tione chiyani.

Nkhani ya khungu ndiye imatikhudza ife kwambiri. Kwa zaka zambiri, malo otsukira zithunzi ankayezera mitundu pa khadi la kampani ya Kodak lokhala ndi chithunzi cha mayi wachizungu, lomwe linkatchedwa Shirley. Makina akagwirizana ndi khungu lake, ankati zonse zili bwino. Zotsatira zake, anthu akuda ankatuluka ngati mthunzi, maso ndi mano okha zikuoneka. Khadi lokhala ndi anthu a makungu osiyanasiyana lidafala m'zaka za m'ma 1990. Lero makamera akutha kujambula khungu lakuda mokongola. Nanga bwanji ife eni ake tikuliyeretsanso ndi manja athu?

Wojambula wa diso amadziwa kuti khungu lakuda lili ndi mitundu yake: lina lofiirira ngati dothi la katondo, lina lonyezimira ngati mphika wopsa bwino. Amachepetsa kuwala kwa diresi loyera kuti nkhope ioneke, amachotsa thukuta lonyezimira pamphumi kapena kachiphuphu komwe kangotuluka m'mawa wa ukwati. Zimenezi ndi za tsiku limodzi, mawa kulibe. Koma mtundu wa khungu, mpata wa m'mano ndi makwinya a agogo ndi munthuyo mwini wake. Wopanda diso amangodina batani limodzi pa zithunzi zonse, akwati a ku Mzuzu ndi a ku Nsanje n'kutuluka ngati ana a mimba imodzi. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Nafenso makasitomala tili ndi mbali yathu, pakuti ojambula ena amayeretsa chifukwa choopa kuti tikana kulipira. Musanapereke ndalama, pemphani kuona ntchito zawo zakale, ndipo auzeni mosabisa kuti mukufuna kuoneka inuyo pa tsiku lanu labwino. Chithunzi cha ukwati chimakhala pakhoma zaka 40. Adzukulu anu adzafuna kupeza mphuno yawo ndi khungu lawo pa nkhope yanu, ndiye asadzazisowe.